Kiyibodi ya Tiseke

Panali mtsikana wina wokonda kufunsa. Akadzuka, ankafunsa. Akamadya, ankafunsa. Ngakhale posamba, ankafunsa. Kunyumba anamupatsa dzina loti Kafunsa.

Kafunsa anali ndi mlongo wake wamng'ono. Mlongo wakeyo ankakonda kuseka. Ankaseka mphaka. Ankaseka mvula. Ankaseka ngakhale nsapato za abambo. Kunyumba ankamutcha Tiseke.

Kafunsa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Tiseke alembe.

Tiseke ankadziwa zilembo zonse. Ankadziwa A. Ankadziwa M. Ankadziwa ngakhale Z. Koma manja ake ankanjenjemera. Anabadwa choncho. Akagwira pensulo, pensulo inkavina. Inkavina, inkavina, kenako inkagwa pansi. Gobede!

Tsiku lina Tiseke anabwera kuchokera kusukulu ali duu. Sanaseke mphaka. Sanaseke nsapato.

"Watani, Tiseke?" anafunsa Kafunsa.

"Anzanga onse alemba lero," anatero Tiseke. "Ine sindinalembe."

"Nanga zilembo suzidziwa?"

"Ndimazidziwa, achemwali. Zili m'mutu. Koma zikukana kutuluka."

Kafunsa anamva chisoni. Anaganiza. Anaganizanso. Kenako anathamangira kwa amayi.

Amayi anali ndi kompyuta yaing'ono. Inali yopinda ngati buku. Ankaitcha laputopu.

"Amayi, kodi Tiseke angayese kulemba pa laputopu?" anafunsa Kafunsa.

"Ayese, mwana wanga," anatero amayi.

Tiseke anakhala pa tebulo. Anatambasula chala. Ankafuna kudina A. Koma mabatani anali aang'ono. Analinso othithikana. Chala chinadina mabatani atatu nthawi imodzi.

Anayesanso. Chala chinadina mabatani anayi.

Tiseke anabisa manja m'khwapa.

"Basi," anatero. "Ndatopa."

M'mawa mwake Kafunsa anapita kwa aphunzitsi a makompyuta. Anagogoda pachitseko.

"Lowa," anatero aphunzitsi. "Lero uli ndi funso lanji?"

"Aphunzitsi, kodi mabatani onse ndi aang'ono? Kulibe aakulu?"

"Ukufunsiranji?"

"Ndi a mlongo wanga. Manja ake amanjenjemera."

Aphunzitsi anagwira chibwano. Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Tadikira."

Anatsegula kabati. Anachotsa mabuku. Anachotsa makatoni. Fumbi linati koboo! Kafunsa anayetsemula. Aphunzitsi anayetsemulanso.

Pansi penipeni panali kiyibodi. Inali yaikulu. Inali yolemera. Mabatani ake anali achikasu. Batani lililonse linali lalikulu ngati chitsekerero cha botolo. Zilembo zake zinali zakuda bii.

"Iyi ndi yakale," anatero aphunzitsi. "Yakhalitsa m'kabatimu. Kayeseni kunyumba. Ikagwira ntchito, Tiseke azilembera."

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi!"

Kafunsa anakumbatira kiyibodi. Anayenda nayo pang'onopang'ono. Chingwe chake chinkalendewera ngati mchira.

Atafika kunyumba anakuwa. "Tiseke! Bwera udzaone!"

Tiseke anabwera. Anaona mabatani achikasu. Maso ake anakula. Anaika chala pa A. Chala chinakwana bwinobwino. Anadina. Batani limodzi lokha linalowa. Khe!

"Amayi, onani!" anatero Tiseke. "Limodzi lokha!"

"Ndaona, mwana wanga," anatero amayi.

Koma pagalasi la laputopu panalibe kanthu.

"Bwanji sizikulemba?" anafunsa Kafunsa.

"Chingwe sichinalowe mu laputopu," anatero amayi. "Kiyibodi ili payokha. Laputopu ili payokha. Pezani polowetsa. Ine ndikukaanula zovala."

Kafunsa anagwira mutu wa chingwe. Anauyang'anitsitsa. Unali wobulungira. Mkati mwake munali timano tachitsulo. Timanoto tinali tating'ono ngati singano.

Kenako anayang'ana m'mbali mwa laputopu. Munali mabowo.

Bowo loyamba linali lathyathyathya. Kafunsa anayerekeza. Chingwe sichinalowe.

Bowo lachiwiri linali lalitali, lodulidwa m'makona. Kafunsa anayerekeza. Chingwe sichinalowe.

Bowo lachitatu linali lobulungira.

"Ilo!" anakuwa Tiseke.

Koma linali laling'ono kwambiri. Linali bowo la mahedifoni, omvera nyimbo m'makutu. Chingwe sichinalowe.

Kafunsa anatembenuza laputopu. Anayang'ana kumbali inayo. Anayang'ana kumbuyo. Anayang'ana ngakhale pansi. Bowo la chingwe chobulungira kunalibe.

Tiseke anatsamira tebulo.

Dzuwa litapendeka, abambo anafika kuchokera kuntchito.

"Bwanji nkhope zagwa chonchi?" anafunsa abambo.

"Chingwe ndi chobulungira," anatero Kafunsa. "Mabowo ndi athyathyathya."

Abambo anaona chingwe. Anaona mabowo. Anakanda m'mutu.

"Tadikirani," anatero. "Ndili ndi chuma changa."

Anakoka dirowa ya pansi. Mu dirowamo munali zingwe zambirimbiri. Zinali zopiringizana ngati mizu.

"Chuma chimenecho ndinati mutaye kalekale," anatero amayi pakhomo.

"Mwaona? Lero chatithandiza," anatero abambo.

Abambo anafukula. Anafukulanso. Kenako anatulutsa kachipangizo kakang'ono. Kanali kafupi ngati chala chachikulu. Mbali ina kanali ndi bowo lobulungira. Mbali ina kanali ndi mutu wathyathyathya.

"Dzina lake ndi adaputala," anatero abambo. "Kamalumikiza zinthu zosiyana mitu."

Kafunsa analumpha. Anatenga kachipangizo. Anatenga chingwe. Sanayang'ane. Anangokankha.

Chingwe chinakana.

Anakankha mwamphamvu.

Chingwe chinakanabe.

Anakankha ndi mphamvu zake zonse. Kanthu kanalira. Tswi!

Kafunsa anasolola chingwe. Anasuzumira mkati. Kadzino kamodzi kanali katapindika.

"Ndaononga," anatero Kafunsa. "Amayi, ndaononga kiyibodi ya Tiseke."

Misozi inatsika. Inatsika mpaka pachibwano.

Amayi anamugwira paphewa. Abambo anasuzumira mkati mwa chingwe.

"Kapindika," anatero abambo. "Koma sikanathyoke. Ine sindikakhudza. Zala zanga ndi zonenepa."

"Mawa upite kwa azakhali ako," anatero amayi. "Iwo ndiye amadziwa."

Tiseke anayandikira. Anapukuta misozi ya Kafunsa. Dzanja lake linanjenjemera. Linapukuta mphuno m'malo mwa diso.

"Musalire, achemwali," anatero. "Ndidikira."

Azakhali anali ndi kashopu kumapeto kwa msewu. Ankakonza mafoni ndi makompyuta. Kutacha, Kafunsa anakulunga kiyibodi m'thawulo. Anaika kachipangizo m'thumba. Anauyamba ulendo.

M'kashopumo munali tebulo lalitali. Patebulo panali mafoni otsegula mimba. Panali nyale yopindika khosi. Pakhoma pankalendewera zingwe zakuda, zoyera ndi zofiira.

"Odi, azakhali!"

"Lowa, mwana wanga. Wabereka mwana wa ndani m'thawulomo?"

Kafunsa sanaseke. Anamasula thawulo. Anafotokoza zonse. Anafotokoza za Tiseke. Anafotokoza za kadzino.

Azakhali anavala magalasi. Anayatsa nyale. Anatenga kopanira kakang'ono.

"Gwira chingwe apa," anatero. "Usagwedezeke."

Kafunsa anagwira. Anasiya ngakhale kupuma.

Azakhali anapana kadzino. Anakawongola pang'ono. Anapumula. Anakawongolanso pang'ono. Kadzino kanaima njo!

"Kachira," anatero azakhali.

Kafunsa anatulutsa mpweya. Fuu!

"Azakhali, chinapindikiranji?" anafunsa.

"Taona apa," anatero azakhali. "Pamutu pa chingwe pali kamuvi. Kamuvi kayang'ane kumwamba. Mu bowomu muli timabowo tating'ono. Dzino lililonse lili ndi kabowo kake. Uyang'ane kaye. Kenako ulowetse."

"Nanga chikakana?"

"Chikakana, usakakamize. Chingwe choyenera sichifuna mphamvu."

Kafunsa anayang'ana kaye. Anatembenuza kamuvi kumwamba. Analowetsa pang'onopang'ono. Chingwe chinalowa mu kachipangizo. Chinalowa bwinobwino.

"Chalowa!" anakuwa.

"Tsopano tiyese pa kompyuta yanga," anatero azakhali. "Bowo lathyathyathyali amalitcha USB. Laputopu ya mayi ako ilinso nalo. Uyang'ane tinyale titatu pa kiyibodi. Tikaphethira, ndiye kuti zatheka."

Azakhali analowetsa kachipangizo mu kompyuta. Kafunsa anayang'ana tinyale.

Tinyale sitinaphethire.

Kafunsa anadina A. Pagalasi panalibe kanthu. Anadina M. Panalibe kanthu.

"Yafa?" anafunsa Kafunsa. "Ndaipha ine?"

"Ayi, sinafe," anatero azakhali.

"Nanga bwanji sikulemba? Chingwe chalowa!"

"Kulowa kokha sikokwanira," anatero azakhali. "Ukadina batani, kiyibodi imatumiza uthenga m'chingwe. Kiyibodi iyi ndi yakale. Imatumiza uthenga mwa njira yakale. Bowo la USB limamva njira yatsopano. Ndiye sizikumvana."

"Nanga kachipangizoka?"

"Aka kamangosintha mutu. Uthenga sikasintha. Pakufunika kena komasulira uthenga."

"Kamaoneka bwanji?"

"Ndi kachingwe kafupi. Uku bowo lobulungira. Uku mutu wathyathyathya. Pakati pali kabokosi. M'kabokosimo ndi momwe muli womasulira."

"Muli nako?"

"Kaya," anatero azakhali. "Ndinakaonapo kale. Ngati kalipo, kali mu katoni iyo."

Azakhali analoza pansi pa tebulo. Panali katoni yaikulu. Inali yodzaza zingwe mpaka pakamwa. Chuma cha abambo chinali chochepa!

Nthawi yomweyo panafika munthu ndi foni yosweka galasi. Azakhali anapita kukamuthandiza.

Kafunsa anakhala pansi. Anakoka katoni. Anayamba kufufuza.

Anatulutsa chingwe choyamba. Mutu wake unali wa makona anayi, ngati kanyumba.

"Azakhali, ichi ndi cha chiyani?"

"Cha purinta, yosindikizira mapepala."

Kafunsa anachiika pambali. Anatulutsa china. Mutu wake unali wabuluu, wa timano tambiri.

"Nanga ichi?"

"Cha galasi la kompyuta."

Kafunsa anachiika pambali. Anatulutsa china. Mutu wake unali wochepetsetsa.

"Nanga ichi?"

"Cha foni."

Munthu wa foni uja anaseka. "Mwana ameneyu satopa kufunsa?"

"Akatopa ndiye kuti wadwala," anatero azakhali.

Kafunsa anapitiriza. Za purinta anaziika pazokha. Za foni anaziika pazokha. Za galasi anaziika pazokha. Milu inakula. Katoni inachepa. Manja ake anada ndi fumbi. Mimba yake inayamba kulira.

Katoni inatsala pang'ono kutha. Kafunsa anayamba kuda nkhawa. Anakumbukira mawu a Tiseke. "Ndidikira."

Anapisa dzanja pakona. Anakhudza kanthu kolimba. Anakoka.

Kanali kachingwe kafupi. Uku bowo lobulungira. Uku mutu wathyathyathya. Pakati kabokosi!

"Azakhali! Azakhali! Ndi aka?"

Azakhali anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Ndi komweko! Lumikiza wekha."

Kafunsa anapukuta manja. Anayang'ana kaye. Kamuvi kumwamba. Analowetsa pang'onopang'ono. Chingwe chinalowa.

Kenako analowetsa mutu wathyathyathya mu kompyuta. Anayang'ana tinyale.

Tinyale tinati phethi!

Kafunsa anadina A. Pagalasi panatuluka A.

"Yadzuka!" anakuwa Kafunsa. "Kiyibodi yadzuka!"

Azakhali anaomba m'manja. Munthu wa foni uja anaombanso.

"Katenge kachingweko," anatero azakhali. "Ndi mphatso ya Tiseke. Wandisanjira katoni yonse. Thamanga. Ayi, usathamange! Ungagwetse."

Kafunsa anathokoza. Anakulunga kiyibodi m'thawulo. Sanathamange. Koma anayenda mwachangu kwambiri.

Tiseke anali pakhomo. Anali atadikira kuyambira m'mawa.

"Yachira?" anafunsa.

"Yachira!" anatero Kafunsa.

Amayi anabweretsa laputopu. Abambo anasiya kupukuta njinga. Onse anazungulira tebulo.

Kafunsa anagwira mutu wathyathyathya. Anapeza bowo lathyathyathya. Analowetsa. Unakana.

"Kankha pang'ono," anatero abambo.

"Ayi, abambo," anatero Kafunsa. "Chikakana, osakakamiza."

Anasuzumira mu bowo. Anasuzumira m'mutu wa chingwe. Anautembenuza. Analowetsanso. Unalowa!

Tinyale tinati phethi!

Amayi anatsegula tsamba loyera pagalasi. Anakulitsa zilembo. Abambo anaika pilo pampando. Tiseke anakhala.

M'nyumba munali zii.

Tiseke anatambasula chala. Chala chinanjenjemera. Chinapita kumanzere. Chinapita kumanja. Kenako chinatera pa batani lachikasu. Khe!

Pagalasi panatuluka A.

Tiseke anayang'ana. Anayang'ananso. Chinali chilembo chimodzi chokha. Chinali chilembo chimene ankafuna.

Anafufuza china. Khe! Panatuluka M.

Kafunsa ankafuna kumuthandiza. Anatambasula dzanja. Amayi anamugwira.

"Musiye," ananong'ona amayi.

Tiseke anapitiriza. Anatuluka thukuta pamphuno. Analuma lilime. Khe, khe! Khe! Khe!

Kenako anatsamira kumbuyo. Pagalasi panali mawu akuti:

AMAAYI

Amayi anagwira pakamwa. Maso awo anadzaza misozi.

"A wachuluka," anatero Kafunsa. "Chala chinadina kawiri. Ndifufute mmodzi?"

"Usafufute," anatero amayi. "Ndi mmene amandiitanira."

Amayi anakumbatira Tiseke. Anakumbatiranso Kafunsa. Abambo anayang'ana kuwindo. Anati m'diso mwalowa kachitsotso.

"Ndilembenso," anatero Tiseke. "Zilipo zambiri."

"Lemba, mwana wanga," anatero abambo. "Lemba za abambo ako."

"Ayi. Ndilemba za achemwali. Koma asayang'ane."

Kafunsa anatseka maso ndi manja. Anamwetulira. Ankadziwa kuti Tiseke alemba zomuthokoza.

Khe! Khe! Khe!

Zinatenga nthawi yaitali. Kafunsa anadikira.

"Watha?" anafunsa.

"Ayi."

Khe! Khe!

"Nanga pano?"

"Ayi!"

Kenako abambo anayamba kuseka. Amayi anasekanso.

"Tsegulani maso, achemwali," anatero Tiseke.

Kafunsa anatsegula maso. Anawerenga mokweza:

KAFUNSA AMALIZA MKONONO

"Bodza!" anakuwa Kafunsa. "Ine sindiliza mkonono! Amayi, kodi ndimaliza mkonono?"

"Pang'ono," anatero amayi.

"Ngati galimoto," anatero abambo.

Tiseke anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kafunsa anayesa kukwiya. Analephera. Nayenso anaseka.

"Sendera," anatero Kafunsa. "Ndikuyankhe."

Tiseke anakumbatira kiyibodi ndi manja onse awiri.

"Dikirani, achemwali," anatero. "Sindinamalize kulemba."